Makhadi a Pokémon: kuchokera ku Machida kufika ku Kabwata

Satoshi Tajiri anakulira ku Machida, m'mphepete mwa Tokyo, akusaka tizilombo m'maudzu ndi m'madambo monga momwe ana a ku Chelstone ku Lusaka amathamangira inswa mvula ikagwa. Madambowo atamezedwa ndi misewu ndi nyumba, iye anafuna kuti ana a m'tauni alaweko kukoma kogwira kanthu n'kukasinthanitsa ndi mnzako. Mu February 1996 kampani yake, Game Freak, inatulutsa Pokémon pa Game Boy ya Nintendo, muli zilombo zopeka 151. Mu October chaka chomwecho zilombozo zinasindikizidwa pa makhadi, ndipo mu 1999 kampani ya Wizards of the Coast inawatulutsa m'Chingerezi.

Apa n'kuti Lusaka nayo ikusintha. Shoprite inali itatsegula pa Cairo Road mu 1995, Manda Hill mu 1999, katundu wa ku South Africa ali mbwee. Makhadi analowa njira ziwiri. Enieni ankabwera m'masutikesi a achibale ochokera ku Johannesburg kapena London n'kutsikira ku Kabulonga ndi Woodlands. Mwana wa ku Kabwata kawirikawiri ankapeza a gong'a, otsika mtengo, ogulitsidwa pamodzi ndi zidole.

Kuwasiyanitsa sikuvuta. Khadi lenileni lili ndi kamzere kakuda pakati pa mapepala ake awiri, choncho ukaliyang'anitsa kudzuwa kuwala sikudutsa. La gong'a limalangala, kumsana kwake buluu ali mbuu. Komatu zimenezi sizinaletse masewera. Lamulo limati wosewera akhale ndi makhadi 60, koma ana ambiri ankangoyerekeza manambala a mphamvu, wopambana n'kutenga khadi la mnzake. Yemwe anali ndi khadi la Charizard lonyezimira, lojambulidwa ndi Mitsuhiro Arita, sankasowa anzake pa buleki.

Chondiwawa ndi chimene ndalama zachita. Mu 2021 Logan Paul anagula khadi la Pikachu Illustrator pa madola 5,275,000. Lero kampani ngati PSA ya ku America imapima khadi, kulipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10, n'kulitsekera m'pulasitiki wolimba. Ngodya ikangopindika pang'ono, mtengo wagwa. Khadi loyenda m'thumba la kabudula wa sukulu, losinthanitsidwa kangapo pa sabata, silingapate 10, ndipo akuluakulu ogula makhadi kuti asunge chuma salola n'komwe mwana kulikhudza.