Burro: Bulu Kapena Batala?

Abale anga a m'malire, tonse tikudziwa kuti anthu awiri amatha kukhala ndi dzina limodzi koma mfunda wosiyana. Mawu a Azungu nawonso ali conco, ndipo mbiri ya dera lathu lino ikucitira umboni.

Mu 1891 Apwitikizi ndi Angerezi anapangana za malire amene lero adutsa pakati pa Mandimba ndi Chiponde. Kuvuma kunakhazikika Cipwitikizi, kuzambwe Cingerezi. Mu 1926 ansembe a Consolata ocokera ku Italy, motsogozedwa ndi Bambo Pietro Calandri, anafika ku Mandimba, ndipo mu 1928 anatsegula mishoni ya Massangulo, m'boma la Ngauma. Motero zinenero zitatu za ku Ulaya zinakumana pakhomo pathu.

Tatengani liwu lakuti burro. Kwa Mpwitikizi ndi nyama yosenza katundu ija, ndipo ife tinalibwereka n'kulisandutsa bulu. Linacokera ku liwu la Cilatini lakuti burricus, kutanthauza kavalo wamng'ono. Kwa Mtaliyana, zilembo zisanu zomwezo ndi mafuta a mkaka opaka pa buledi. Kholo lake ndi butyrum, liwu limene Aroma anabwereka kwa Agiriki. Kholo lomweli linabala butter wa Cingerezi, amene ife timati batala. Ndiye kuti burro wa Mtaliyana ndi mbale wake wa batala, pamene kwa bulu ndi mlendo wongofanana naye nkhope.

Liwu lina ndi come. Mwana amene anaphunzira ku Malawi pa nthawi yothawa nkhondo, mtendere wa 1992 usanabwere, amaliwerenga kuti "bwera". Mnzake wotsala ku Cuamba amaliwerenga kuti "idya". La Cingerezi linacokera ku cuman wa makolo awo akale, la Cipwitikizi ku comedere wa Cilatini. Palibe cibale ngakhale pang'ono.

Wina anena kuti izi n'zongocezera pabwalo. Ine ndikuti ayi, pakuti ngakhale kadontho ka pa nambala kamasintha tanthauzo kakaoloka malire. Mpwitikizi akalemba 1.500 akunena cikwi cimodzi ndi mazana asanu. Mngerezi akaona comweco amawerenga cimodzi ndi theka, popeza iye zikwi amazilekanitsa ndi koma: 1,500. Wogulitsa nandolo, wosintha makwaca ndi mametikali, mayi wowerenga pepala la mankhwala, onsewa akhoza kupwetekera pamenepa.

Katundu wathu wina amabwera pa njanji kucokera ku Nampula kudzera ku Cuamba, wina pa msewu wa ku Mangochi. Mukalandira pepala, musanafunse kuti liwu likuti ciyani, yambani mwafunsa kuti lacokera mbali iti. Mlendo timayamba tamufunsa kwawo tisanamuyalire mphasa.