Potentiometer ya gitala ya steel

Potentiometer, yomwe oimba amaitchula mwachidule kuti pot, ndi kachipangizo kamene kali pansi pa batani lopotokola la voliyumu kapena la tone pa gitala ya steel yamagetsi. Pot ikada kapena ikaperepeseka, gitala imatulutsa phokoso lothetheka nthawi iliyonse woimba akapotokola batani, ndipo nthawi zina mawu amadukiratu nyimbo ili mkati.

Mbiri

Gitala ya steel inachokera ku Hawaii chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo amene amadziwika kuti anayambitsa kaimbidwe kake ndi Joseph Kekuku. Woimba amaigoneka pamiyendo n'kumayendetsa kachitsulo pamwamba pa nsambo. Ku Malawi kaimbidwe aka kankatchedwa hauyani. George Beauchamp anapanga gitala ya steel yamagetsi mu 1931, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1932. Imeneyi ndi Rickenbacker imene anthu anaipatsa dzina loti Frying Pan chifukwa cha maonekedwe ake.

Mmene imagwirira ntchito

Pot ili ndi timiyendo titatu. Mkati mwake muli kanjira kokhota ka kaboni ndi kachitsulo kamene kamakwecha kanjirako batani likamazungulira. Pot ya voliyumu imachepetsa mphamvu yochokera ku pickup isanafike ku ampulifaya. Pot ya tone imagwira ntchito ndi capacitor pochotsa mawu akuthwa kuti gitala imveke mofewa. Magitala ambiri amakhala ndi pot ya ma ohm 250,000 kapena 500,000. Oimba pedal steel amagwiritsanso ntchito pedulo ya voliyumu yopondera ndi phazi, ndipo pot ya mmenemo siichedwa kutha chifukwa imayenda nyimbo yonse.

Zoyambitsa phokoso

Fumbi, utsi, thukuta ndi chinyontho zimalowa pa kampata kamene kali pafupi ndi timiyendo. Zikaunjikana, kapena kachitsulo kakachita dzimbiri, kachitsuloko sikagunda bwino kaboni ndipo mphamvu imadukaduka. Popeza mphamvu ya pickup ndi yochepa kwambiri, ampulifaya imakuza phokosolo pamodzi ndi nyimbo. Gitala imene yakhala nthawi yaitali osaimbidwa ndi imene imapezeka kawirikawiri ndi vutoli.

Katsukidwe

Wokonza amayamba wazula chingwe cha gitala ku ampulifaya. Kenako amapotokola batani uku ndi uku kambirimbiri, poti nthawi zina zimenezi zokha zimachotsa litsiro. Zikakanika, amamasula chivundikiro kuti aone kumbuyo kwa pot, n'kuyala kansalu koteteza penti ya gitala.

Mankhwala ake ndi otsukira zipangizo zamagetsi, monga DeoxIT wa kampani ya CAIG Laboratories, kapena isopropyl alcohol wopanda madzi ambiri. Amapopera pang'ono chabe pa kampata kaja, osati pa batani kunja, ndipo amazunguza batani mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri asanayembekeze kuti mankhwalawo aume. Mankhwala akachuluka amasungunula girisi wa mkati, batani n'kumazungulira lobweka. WD-40 wamba sayenera pa ntchitoyi chifukwa amasiya mafuta amene amakokanso fumbi. Pot yotsekedwa paliponse, yopanda kampata, imavuta kutsuka popanda kuiphwasula.

Kutsuka kukakanika

Phokoso likamabwerera pamalo amodzimodzi, ndiye kuti kaboni waperepeseka ndipo pot imafunika kusintha. Yatsopano iyenera kukhala ya ma ohm ofanana ndi yakale. Pa voliyumu ambiri amaika ya mtundu wa audio taper, imene imakweza mawu mogwirizana ndi mmene khutu limamvera. Makampani odziwika opanga ma pot ndi monga CTS, Bourns ndi Alpha.

Nthawi zina vuto limakhala la ampulifaya, imene imadonthetsa magetsi a DC kubwerera ku gitala. Kuyesa gitala pa ampulifaya ina kumaonetsa kumene kuli vuto. Ampulifaya ya ma valve imasunga magetsi oopsa ngakhale itazimitsidwa, choncho woyenera kuitsegula ndi mmisiri yekha.

Eni magitala akale amasunga pot imene achotsa. Manambala olembedwa pa pot za ku America amasonyeza kampani, chaka ndi sabata imene inapangidwa. Mwachitsanzo, 137 ndi nambala ya CTS ndipo 304 ndi ya Stackpole. Manambalawa amathandiza kudziwa zaka za gitala, ndipo gitala yakale yokhala ndi zipangizo zake zoyambirira imagulidwa pa mtengo wokwera.