Kabokosi ka Mawati 5

Leo Fender sankaimba gitala. Anali mmisiri wokonza mawailesi ku Fullerton, m'chigawo cha California, ndipo oimba a m'deralo ankamubweretsera zokuzira mawu zawo zikafa. Pokonza za anthu ena m'pamene anaona pomwe zinkafooka, nayamba kupanga zakezake. Mu 1948 anatulutsa kaampulifaya kotchedwa Champion 800, ka mawati 4 okha, komwe m'zaka za m'ma 1950 kanadzadziwika kuti Champ. Sanapangire akatswiri ayi. Kanali ka ophunzira, kotchipa, koti mwana aziyesererapo gitala kuchipinda.

Ndimakakonda kabokosi kameneka chifukwa mulibe chobisika. Mukatembenuza Champ ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ija amaitcha 5F1, mupezamo mavalavu atatu basi. Ya 5Y3 imawongola magetsi ochokera kukhoma. Ya 12AX7 imatola kamawu kofooka ka mawaya a gitala n'kukakweza. Ya 6V6 ndiye imakankha sipika ya mainchesi 8. Chopotokola n'chimodzi chokha, cha voliyumu, manambala ake kulekeza pa 12, ndipo n'chomwecho choyatsira. Pulani ya mawaya onse imakwana papepala limodzi, moti wina aliyense amene anagwirapo chowotcherera mawaya atha kuitsatira ndi chala kuyambira polowera mpaka potulukira.

Mavalavu amenewa anali a m'mawailesi, sanapangidwire gitala. N'chifukwa chake agogo athu ankawadziwa ngakhale sanaonepo Fender. Mu 1949 kampani ya Ever Ready inayamba kugulitsa ku Northern Rhodesia ndi ku Nyasaland wailesi ija ya Saucepan Special, yobiriwira ngati mtambo, yooneka ngati sefuliya, yoyendera batire lalikulu, yomwe anthu ankamverapo siteshoni ya ku Lusaka. Nayonso inali ya mavalavu.

Chimene chinakweza Champ ndi chomwe mainjiniya ankachiyesa chilema. Valavu ikapatsidwa ntchito yoposa mphamvu zake siidula mawu mwadzidzidzi, koma imayamba kusasa pang'onopang'ono, mawu n'kunenepa, n'kumachedwa kuzilala. Ampulifaya yaikulu kuti ifike pamenepo ndiye kuti makutu agontha kale. Kakang'ono kamafikapo msanga, maikolofoni ili pafupi, ojambula nyimbo ali phee pamipando yawo. Eric Clapton anagwiritsa ntchito Champ pojambula chimbale cha Layla ku Miami mu 1970, ndipo womvera sangaganize kuti mawu amphamvu chonchija akuchokera m'kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti thiranzisita, yomwe inatulukiridwa mu 1947, italanda kale malo m'mawailesi. Siitentha, siisweka, siidya magetsi ambiri. Mafakitale a mavalavu ku America ndi ku Britain, kuphatikizapo ya Mullard ku Blackburn, anasiya ntchitoyo. Koma oimba gitala anakakamira mavalavu. Lero mavalavu atsopano amachokera makamaka ku Saratov m'dziko la Russia, ku Slovakia ndi ku China, ndipo nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu 2022 anasowa, mitengo n'kukwera.

Ena amati kutsegula ampulifaya n'kuisintha ndi chibwana cha masiku ano. Ine ndimakana, pakuti makampani otchuka anabadwira momwemo. Mu 1962 Jim Marshall ndi amisiri ake ku London anatengera pulani ya Fender Bassman, n'kuikamo zipangizo zomwe zinkapezeka kwawo, mawu n'kutuluka ena, Marshall n'kuyambira pomwepo. Ku California, Randall Smith anatenga kaampulifaya ka Princeton, n'kukapakira mphamvu ndi sipika ya mainchesi 12. Carlos Santana anakayesa nakakonda, ndipo kampani ya Mesa Boogie inachokera pamenepo. Mwambowu unadzafika m'nyumba za anthu wamba mu 2005, kampani ya Epiphone itatulutsa Valve Junior, ya mawati 5, valavu ya 12AX7 ndi ya EL84, chopotokola chimodzi, mtengo wotsika. Anthu ankaigula n'cholinga choti aitsegule, pakuti ngakhale utalakwitsa, sunataye chuma chambiri.

Yanga ndi yamtundu womwewo, yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo anandibweretsera msuweni wanga kuchokera ku Johannesburg. Ndikaiyatsa siilankhula nthawi yomweyo. Kawaya ka m'kati mwa galasi kamayamba kaye kupsa, kufiira ngati khala, kenako kafungo ka fumbi lotentha, kenako kamng'ung'udzo kapansipansi m'sipika. Mawati 5 musawaderere. Khutu limamva mawati 50 ngati kuwirikiza kawiri kokha phokoso la mawati 5, choncho m'nyumba zathu zogundanazi kabokosika kakhoza kudzutsa mwana wa aneba. Ndinachotsa 12AX7 n'kuikapo 12AY7, yomwe miyendo yake ndi yofanana koma imakweza mawu mocheperapo theka, ndipo chopotokola chinayamba kumvera, chala chikasuntha pang'ono mawu n'kusuntha pang'ono. Koma chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi sipika. Nditalumikiza ku bokosi la sipika ya mainchesi 12, mawaya akuluakulu a gitala anayamba kumveka m'chifuwa. Amene akuyamba ndimamuuza kuti ayambire pa sipika, mavalavu pambuyo, zowotcherera pomalizira.

Pofika pa zowotchererapo mpofunika mantha. M'katimo muli makapasita osunga mavoti oposa 300, ndipo amatha kuwasungabe pulagi itazulidwa kale. Amapha. Mmisiri amayamba wawakhuthula, n'kuyeza ndi mita, dzanja limodzi lili kumbuyo. Wosazolowera apite nayo kwa wokonza mawailesi wachikulire, amene anaphunzira ntchito mavalavu akadalipo. Ampulifaya ya mavalavu siiyatsidwanso popanda sipika, chifukwa thiransifoma yotulutsira mawu imapsa. Ndipo ngati m'bale wanu akukutumizirani kuchokera ku America, muuzeni awerenge kumbuyo kwake. Kumeneko magetsi ndi a mavoti 120 pomwe kwathu kuno ndi 230, kotero thiransifoma yotsitsa mphamvu igulidwiretu katunduyo asanafike.