Katemera woteteza matenda oumitsa khosi: zobvuta zimene makolo ayenera kudziwa

Ana amene amapita ku sikelo m'zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama, kapena m'makiliniki a Kalingalinga, Mtendere ndi George mu Lusaka, amalandira akatemera atatu othandiza kupewa matenda oumitsa khosi.

Woyamba ndi BCG, woperekedwa mwana akangobadwa, amene amateteza TB yolowa ku ubongo. Waciwiri ndi wa kacirombo ka Hib, amene dziko la Zambia linayamba kupereka mu 2004 ndipo ali m'jekeseni imodzi yoteteza matenda asanu. Wacitatu ndi PCV, amene anayamba mu 2013. Awiri omalizawa amabayidwa pa nchafu mwana ali ndi masabata 6, 10 ndi 14.

Zobvuta zofala ndi zazing'ono. Pobayidwapo pamafiira, kutupa ndi kupweteka. Mwana amatentha thupi, amaliralira, amagona kwambiri kapena kuyamwa pang'ono, ndipo zimenezi zimatha m'masiku awiri kapena atatu. Mayi apitirize kuyamwitsa, asamufunditse kwambiri, ndipo ampatse Panado pa mlingo umene namwino wanena. Asipulini si wa ana. Kutikita potupa kapena kupakapo mankhwala acikuda, monga ena amalangizirana m'makomboni, kumangowonjezera ululu ndipo kungalowetse tizirombo.

BCG ali ndi khalidwe lakelake. Pakapita masabata angapo, pa mkono pamatuluka kacironda kamene kamapola kokha ndi kusiya cipsera. Sikafunika kufinya. Ana owerengeka amatupa mwanabele m'khwapa. Khanda limene likuonetsa kale zizindikiro za HIV silipatsidwa BCG, cifukwa katemerayu ali ndi tizirombo tamoyo tofooketsedwa.

Zoopsa zenizeni ndi zosowa. Thupi kukaniratu katemera kumacitika pafupifupi kamodzi pa majekeseni miliyoni, ndipo kawirikawiri kumayamba m'mphindi zocepa: mwana amabanika, amatupa nkhope ndi kutuluka zidzolo. Ndico cifukwa cake kholo liyenera kudikira mphindi 15 lisanacoke pa kiliniki, ngakhale litatopa ndi mzere. Mwana akakomoka, akalira kosalekeza maola atatu kapena akacita cithupsa pobayidwa, abwezedwe kucipatala msanga. Malipoti a zotere amafika ku bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA.

Matenda enieniwo ndi oopsa kuposa apa. Bungwe la WHO limati mwa anthu 6 odwala mtundu wa mabakiteriya, mmodzi amamwalira, ndipo mmodzi mwa 5 amatsala ndi cilema monga kugontha kapena khunyu. Liwombo lotupa, khosi louma ndi kulephera kuyamwa si zotsatira za katemera ndipo sizifuna kudikira kuti kuce.

Katemera wa kacirombo ka meningococcus sali pa ndondomeko ya ku sikelo, popeza Zambia ili kunja kwa cigawo ca miliri yake, cocokera ku Senegal kufika ku Ethiopia. Amafunika kwa apaulendo monga opita ku Hajj ku Saudi Arabia. Mtundu wa cryptococcus, umene umagwira akulu amene citetezo cawo catsika ndi HIV, ulibe katemera. Umapewedwa poyamba ma ARV msanga ndi kupimitsa magazi.