Mbiri ya makalasi athu a ntchito zamanja ku Ekurhuleni

Amayi anzathu, tikamakumbukira kumene mgwirizano wathu wachokera, ambiri timaganiza za masheya, ngongole ndi tsiku logawana. Pali mbali ina imene sinalembedwe m'buku la mlembi: makalasi a Loweruka masana, kumene takhala tikuphunzitsana kuluka, kusoka ndi kutunga mikanda.

Njira yobwera ku East Rand anayamba kuiponda ndi abambo. Agogo athu ankalembedwa ndi Wenela kudzakumba golide m'migodi ya ku Boksburg, Benoni, Brakpan ndi Springs, akazi awo n'kutsala kumudzi. Mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, Amalawi 74 anafa, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa zolemba anthu opita kumigodi. Pa zaka zonsezo, amayi otsala ankapeza ya mchere ndi sopo poumba miphika, mitsuko ndi nkhali, ena poluka mikeka ya mlaza. Mphasa ndi malichero kawirikawiri ankaluka ndi abambo. Sukulu yake inali pakhonde: mwana amayang'ana manja a mayi ake mpaka akewo atazolowera. Kusoka ndi kuluka majuzi ambiri anaphunzira m'magulu a amayi a kutchalitchi ndiponso kwa alangizi achitukuko.

Chaka cha 1994 chinasintha zinthu mbali zonse ziwiri: tsankho la boma linatha kuno, kwathu kunachitika chisankho cha zipani zambiri. Amayi tinayamba kukwera mabasi ochuluka kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Mu 2000 matauni a East Rand anaphatikizidwa kukhala Ekurhuleni, dzina la Chitsonga lotanthauza malo a mtendere.

Sitinafike pamalo opanda luso. Ku Katlehong kunali kale Katlehong Art Centre, imene inatsegulidwa mu 1977, ndipo inatchuka ndi zoumba, zosema komanso zoluka ndi waya. Mmodzi mwa amisiri ake, Bhekisani Manyoni, anaphunzira ku Rorke's Drift, kumene ntchito ya luso inayambitsidwa ndi Peder ndi Ulla Gowenius a ku Sweden. Kwathunso Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni ku Mua mu 1976. Malo onsewa anaonetsa chinthu chimodzi: luso la makolo likhoza kuphunzitsidwa m'kalasi, osadikira kuti mwana abadwire m'banja la mmisiri.

Athu makalasi anabadwa chifukwa cha ngongole. Tinaona kuti mamembala odalira maganyu a m'nyumba za anthu okha ndiwo ankavutika kubweza, chifukwa bwana akangosamuka, ndalama imaima tsiku lomwelo. Tsiku lina msonkhano utatha, mayi wina wachikulire wa ku Mangochi anatulutsa mkeka wosatha kuluka, atsikana n'kumuzungulira. Sabata yotsatira tinasonkha ya zipangizo. Tinayambira m'galaja ina ku Tembisa, kenako magulu a ku Katlehong, Vosloorus ndi Daveyton anatengera.

Zovuta zinabwera msanga. Mlaza kuno sumera, ndipo dothi loumbira ndi malo ootchera mbiya sizipezeka kwa munthu wa lendi m'kachipinda ka kuseri. Kuumba tinakusiya, ngakhale kunatiwawa. Panali mkangano: ena ankati dengu la pulasitiki kapena la waya si la makolo, ena n'kumati chofunika ndi kalukidwe. Tinamvana kuti woyamba aziphunzira pa mlaza wobwera ndi anzathu a pabasi, akadziwa aziluka ndi chimene chilipo. Anzathu a ku Zimbabwe anatiphunzitsa madoilo, amene amayi akwawo akhala akugulitsa kuno kwa zaka zambiri. A ku Tete anabwera ndi kasokedwe ka kapulana, ndipo anansi athu Achizulu ndi Achindebele anationetsa mikanda. Mutu umodzi susenza denga.

Mu May 2008 ziwawa zothamangitsa alendo zinabuka ku Alexandra n'kufalikira mpaka kuno, makamaka ku Ramaphosa pafupi ndi Reiger Park. M'dziko lonse anafa anthu 62. Ena mwa ife tinathawa ndi chitenje chimene tinavala basi. Makina osokera ndi katundu zinatsala. Amene anabwerera kumudzi anakayambiranso ndi manja awo, chifukwa luso sililandidwa pachipata. Otsala tinatsegulanso kalasi, ndipo amene anatisungira makina anali anansi omwe tinkatunga nawo mikanda. Mu 2020, boma litatseka dziko chifukwa cha Covid-19, maganyu anaima, ndipo masiki a zitenje ndiwo anathandiza magulu angapo kuti asagwe.

Lero nkhawa yathu ndi ina. Aphunzitsi athu oyamba akalamba. Ena anabwerera kumudzi, ena anatisiya. Ana athu obadwira ku Tembisa Chizulu ndi Chingerezi amalankhula bwino, koma ambiri sanagwirepo mlaza, ndipo mawu ngati nkhata, chipande kapena lichero amawamvera m'kalasi mokha. Zamsika zotchipa zikutiphera mitengo, moti wina akhoza kunena kuti kuphunzitsa n'kutaya nthawi.

Ife amene tinaona 2008 sitingavomere zimenezo. N'chifukwa chake tikupempha kuti pa kugawana kukubweraku, gulu lililonse lipatule kenakake ka zipangizo ndi thiransipoti ya mphunzitsi, ndipo mayi aliyense abwere ndi mtsikana mmodzi Loweruka, wake kapena wa mnansi. Amene mukupita kumudzi pa Khirisimasi, m'chikwama musiyemo malo a mtolo wa mlaza.