Diso lotsogolera ndi luso lolasa chandamale

Munthu ali ndi maso awiri, koma ikafika nthawi yolunjika chinthu, ubongo suwakhulupirira onse mofanana. Umatsamira ku diso limodzi, ndipo diso limenelo ndilo limagamula kuti chala, nsonga ya muvi kapena mpope wa mfuti waloza pati. Tingalitche diso lotsogolera. Sikuti nthawi zonse limakhala lopenya bwino kuposa linzake. Munthu wa maso akuthwa mofanana amakhalabe nalo. Pa ntchito za masiku onse palibe amene amalilabadira, koma kwa woponya mivi ndi wowombera mfuti, kusalidziwa kumadzetsa kuphonya kosatha kumene mwiniwake amanamizira uta, mphepo kapena dzanja lonjenjemera.

Mwa anthu atatu alionse, pafupifupi awiri amatsogoza diso lakumanja ndipo mmodzi lakumanzere. Alipo ochepa amene maso awo amangosinthana. Kumbali ya manja chiwerengero n'chosiyana, pakuti mwa anthu 10 alionse, pafupifupi 9 amagwiritsa ntchito dzanja lamanja. Kuyerekeza ziwerengero ziwirizi kumaonetsa kuti pali khamu la anthu amene dzanja lawo lamphamvu lili mbali ina pamene diso lotsogolera lili mbali inanso. Gwero lake lili mu ubongo. Dzanja lililonse limalamulidwa ndi mbali ya ubongo yopingasana nalo, koma diso lililonse limatumiza zimene laona ku mbali zonse ziwiri, chifukwa mitsempha ya maso imagawikana panjira. Motero palibe chokakamiza diso kuti litsate dzanja.

Njira yodziwira diso lotsogolera ndi yakalekale. Giambattista della Porta, katswiri wa ku Naples m'dziko la Italy, adailongosola m'chaka cha 1593. Munthu amatambasula mkono, maso onse ali otsekula, n'kuphimba chinthu chakutali ndi chala chachikulu. Kenaka amatsinzina diso limodzi, n'kudzatsinzina linalo. Diso limene likatsala lokha chala chimakhalabe pa chinthucho, ndilo lotsogolera. Likatsala linzakelo, chala chimaoneka ngati chalumphira pambali. Njira ina, yotchedwa ndi dzina la Walter Miles wa ku America amene adafufuza nkhaniyi cha m'ma 1930, ndiyo kusanjikiza zikhatho n'kusiya kabowo pakati, kusuzumira chinthu chakutali pa kabowoko, ndiyeno kukokera manjawo kumaso pang'onopang'ono. Amakathera okha pa diso lotsogolera. Ndi bwino kuyesa kangapo mutayang'ana kutsogolo kwenikweni, popeza munthu akayang'ana cham'mbali utsogoleri umatha kusamukira ku diso la mbali imeneyo.

Kukula kwa vutoli kumamveka bwino ndi masamu ochepa chabe. Maso a munthu wamkulu amatalikirana ndi masentimita pafupifupi 6.5. Woponya mivi wa dzanja lamanja amagwira uta ndi dzanja lamanzere, n'kukoka nsinga ndi lamanja mpaka kuigunditsa pachibwano, cha m'munsi mwa diso lakumanja. Kachipangizo kolunjikira kamene kamamangidwa pa uta kamakhala masentimita ngati 90 kuchokera pa disolo. Tsono diso lakumanzere likalanda ntchito, mzere wochokera pa ilo kudutsa pa kachipangizoko umakhala wopendekera kumanja, ndipo kuti munthuyo aone ngati wafika pachandamale, amakhotetsera uta kumanzere mosadziwa. Pa Olimpiki, pamene Areneo David adaimirira Malawi ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi ku Tokyo pa mpikisano wotsatira, chandamale chimakhala pa mtunda wa mamita 70 ndipo m'mimba mwake ndi masentimita 122. Pa mtunda wotere, kusiyana kwa maso kuja kumakula n'kufika mamita pafupifupi asanu. Muvi sukhudza ngakhale m'mphepete.

Kukadakhala kuti diso lolakwikalo limalamulira nthawi zonse, munthu akadangosuntha kachipangizo kaja n'kuthana nazo. Chosautsa n'chakuti limalanda ntchito modukizadukiza: mivi itatu ilowa pakati, wachinayi uthawira kumanzere, ndipo woponyayo saona chimene wasintha. Aphunzitsi ambiri amati kusinthasintha kotere kumachuluka munthu akatopa.

N'chifukwa chake aphunzitsi a masewerowa amakonda kuyesa maso a wophunzira asanamupatse uta, ndipo ambiri amamusankhira uta motsata diso. Mfundo yawo ndi yakuti dzanja limaphunzira msanga pamene diso ndi louma mutu. Kwa mwana amene sanazolowere mbali iliyonse, uphungu umenewu ndi wanzeru. Kwa munthu amene waponya zaka khumi ndi dzanja lamanja nkhani imavuta, ndipo alipo aphunzitsi amene amati aponyebe mmene adazolowerera, angophimba diso linalo.

Mfuti zimasiyana pa mmene vutoli limazikhudzira. Yovutitsa kwambiri ndi ya chifefe, imene amawombera nayo mbalame zouluka ndi timbale tadothi toulutsidwa m'mwamba pa mipikisano. Ilibe cholunjikira cha kumbuyo. Diso la wowombera, tsaya lake litatsamira pa tsinde la mfuti, ndilo limagwira ntchito imeneyo, ndipo maso onse ayenera kukhala otsekula kuti ayeze liwiro ndi kutalika kwa chinthu chouluka. Munthu woika mfuti paphewa lamanja koma wotsogoza diso lakumanzere angaphonye ndi mamita oposa awiri kumanzere pa mtunda wa mamita 30. Ena amamata kachidutswa ka tepi yosaonekera bwino pa galasi la diso lotsogoleralo, pamalo pamene pamaphimba mpope wokha, kuti disolo lionebe za m'mbali koma lisalowerere pa kulunjika. Amisiri opanga mfuti ku Britain adafika pomasema tsinde lokhota, loti likhale paphewa lamanja pamene mpope uli pansi pa diso lakumanzere.

Mfuti yaitali yokhala ndi kabowo kosuzumira kapena galasi lokuza zinthu imakakamiza diso limodzi kugwira ntchito, choncho kuphonya kwa mamita kuja kulibe. Chotsala ndi chithunzi chachiwiri chimene diso lotsogolera limaumirira kubweretsa, komanso chizolowezi chopendeketsa mutu pamwamba pa tsinde pofuna kufikitsa disolo pa cholunjikira. Kusamukira ku phewa lamanzere nakonso kuli ndi zopinga, poti mfuti zambiri zimalavulira makoko a zipolopolo kumanja. SA80 ya asilikali a ku Britain idapangidwa moti imawomberedwa paphewa lamanja lokha. Ya m'manja, ija ya pisitolo, ndiyo yosavuta: munthu amangoisendeza pang'ono kapena kutembenuza mutu kuti ifike kutsogolo kwa diso lotsogolera.

Njira imene aliyense amaithamangira, ngakhale mnyamata wa legeni, ndiyo kutsinzina diso limodzi. Imathandiza pa kuwombera kamodzi kapena kawiri, koma pa mpikisano wa ola lathunthu nkhope imatopa ndipo chikope cha diso lotsekulalo chimayamba kunjenjemera. Palinso china. Tiana ta maso timagwira ntchito mogwirizana, moti diso lina likakhala mumdima, kamwana ka linzake kamakula pang'ono ndipo chithunzi chimachepa kuthwa. Pa chifukwa chimenechi akatswiri amavala kachophimba kolowetsa kuwala koma kosaonetsa chithunzi, maso onse ali otsekula. Malamulo a bungwe la ISSF, loyang'anira masewero owombera padziko lonse, amalola kachophimba kotere malinga kasapitirire mamilimita 30 m'lifupi. Pa mfuti yaitali ya mpweya ya mamita 10, pamene kadontho ka pakati kopatsa mapointi 10 kali theka la milimita, zing'onozing'ono zoterezi zimasiyanitsa wopambana ndi wolephera. Pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024, Kim Ye-ji wa ku South Korea adawombera atavala magalasi okhala ndi kachophimba kotere, pamene Yusuf Dikeç wa ku Turkey adawombera wopanda kachophimba, maso onse ali otsekula, dzanja lina lili m'thumba. Onse awiri adapata mendulo zasiliva.

Umboni wakuti dzanja limaphunzitsika uli pa Károly Takács, msilikali wa ku Hungary amene adali katswiri wa pisitolo. Mu 1938 bomba la m'manja lidamuphulikira n'kumuwonongera dzanja lamanja, lomwe ankawombera nalo. Adadziphunzitsa kuwombera ndi lamanzere, ndipo adapambana mendulo yagolide pa mpikisano wowombera mofulumira pa mamita 25 ku London mu 1948, n'kudzaiteteza ku Helsinki mu 1952.