Feira: Msika Wakale pa Mathiriro a Mtsinje wa Luangwa

Anthu akamva za malo a mbiri yakale mu Africa, ambiri amaganiza za Luxor ku Egypt, mzinda umene kale unali kuchedwa Thebes, likulu la mafumu a dzikolo, kumene akacisi a miyala akali ciimire m'mbali mwa mtsinje wa Nile. Ku Feira, likulu la boma la Luangwa m'cigawo ca Lusaka, kulibe zimango zazikulu zotere. Cimene mlendo amakaona kumeneko ndi malo eni-eni pamene zinthu zinacitikira, ndipo amene wapitako asadziwa mbiri yake angabwerere ataona madzi ndi milambe cabe.

Kumene kuli Feira

Feira ili pamene mtsinje wa Luangwa umathira mu Zambezi. Munthu akaima pagombe amaona maiko atatu: kutsidya kwa Luangwa kuli Zumbo wa ku Mozambique, ndipo kutsidya kwa Zambezi ca kumtunda kuli Kanyemba wa ku Zimbabwe. Awa ndiwo malo otsika kwambiri m'dziko lonse la Zambia, mamita pafupi-fupi 330 pamwamba pa nyanja yamcere, n'cifukwa cake kumatentha koopsa m'mwezi wa October. Ocokera ku Lusaka amatsata mseu wa Great East Road kufika pafupi ndi ulalo wa Luangwa, pamene amagulitsa nsomba zouma ndi madengu, kenaka amakhotera kum'mwera mtunda wa makilomita pafupi-fupi 90.

Msika wa Apwitikizi

Dzina lakuti Feira ndi la Cipwitikizi ndipo limatanthauza msika. Amalonda a Cipwitikizi, ena a iwo ocokera ku Goa m'dziko la India, anakhazikika ku Zumbo ca m'ma 1720, ndipo pambuyo pake ena anaoloka ndi kumanga ku tsidya lino. Olemba mbiri ambiri amati awa ndiwo malo oyamba kukhalamo Azungu m'dziko limene lero ndi Zambia. Amalondawo anali kubweretsa nsalu ndi mikanda, n'kutenga golide ndi minyanga ya njobvu. Koma pa msika womwewo panadutsanso anthu ogwidwa ukapolo, amene anatsikira nawo kunyanja osadzaonanso kwao. Acikunda, amene poyamba anali asilikali ndi alenje a njobvu a eni minda ikulu-ikulu ya m'cigwa ca Zambezi, anakhazikika m'derali ndipo akhala pamodzi ndi Ansenga kufikira lero. Dzina la Kanyemba linacokera kwa José do Rosário Andrade, mtsogoleri wa gulu la Acikunda amene anali woopedwa m'cigwaci cakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Amene anadutsa pamathiriro

M'mwezi wa November caka ca 1835, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo pa tsiku limene kunacitika kadamsana, dzuwa n'kuda masana. Kadamsanayo ndiye anathandiza akatswiri kudziwa nthawi yeni-yeni ya kuolokako. Angoni a Mpezeni ku Chipata ndi a M'mbelwa ku Malawi ndi zidzukulu za anthu amenewo.

David Livingstone anafika pamathiriro mu January 1856, pa ulendo wake wopita ku Quelimane, akuperekezedwa ndi anthu a Mfumu Mburuma. Anapeza msika utasanduka bwinja. Iye analemba kuti anaona makoma a miyala a chalichi cakugwa, ndi belu losweka lili gone pambali. Mu 1887 kunabwera John Harrison Clark wa ku South Africa, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Changa-Changa. Iye anasonkhanitsa asilikali ake-ake ndi kukhometsa msonkho ngati mfumu, ulamuliro wa kampani ya British South Africa usanakhazikike m'derali. Dzina la Feira linasinthidwa kukhala Luangwa mu 1964, caka ca ufulu, koma anthu sanalitaye.

Katondwe ndi Kavalamanja

M'mbali mwa mseu wocokera ku ulalo muli mishoni ya Katondwe. Boma la Portugal litasintha mu 1910, ansembe a Cijezwiti anacotsedwa ku Miruru m'dziko la Mozambique, ndipo anaoloka Luangwa n'kuyamba nchito ku Kapoche ndi ku Katondwe. Ambiri mwa amene anatumikira kumeneko anali ocokera ku Poland. Cipatala ca Katondwe cimathandiza odwala a m'boma lonse ndi ocokera kutsidya kwa mtsinje.

Kumadzulo kwa Feira, m'mbali mwa Zambezi, kuli mudzi wa Kavalamanja. Pa 6 March 1978, asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ZIPRA umene unali kumeneko, pogwiritsa nchito ndeke ndi asilikali apansi. Pa nkhondoyo panafa omenyera ufulu a ku Zimbabwe ndi asilikali a Zambia, ndipo anthu a m'midzi anathawa kusiya nyumba ndi minda yao. Zambia ndi Zimbabwe zimacita mwambo wokumbukira tsikuli pamalo omwewo.

Zofunika kwa mlendo

Nyengo yabwino yocezera ndi kuyambira May kufika August, kunja kusanatenthe. Wofuna kuoloka pa bwato kupita ku Zumbo ayenera kuyamba waonekera kwa a zolowa ndi kutuluka m'dziko ali ndi ziphaso zake. M'mitsinje yonse iwiri muli ng'ona ndi mvuu, ndipo njobvu zimadutsa mu mseu, maka-maka madzulo. Pofika m'midzi ya Mfumu Yaikulu Mburuma kapena ya Mfumu Mphuka, ndi ulemu kuyamba kwa anyakwawa, pakuti akulu-akulu a m'midzi ndiwo amadziwa pamene pali mabwinja ndi manda. Lamulo la dziko limaletsa kukumba kapena kutenga cinthu ciliconse cakale pamalo otere popanda cilolezo ca bungwe la National Heritage Conservation Commission. Zotsala za msika wa Feira n'zocepa kale, ndipo mwala kapena mkanda umene mlendo angaike m'thumba sudzabwereranso pamalo pake.